Pepala lanu loyamba la PhD mulitumize kuti?

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina ku ofesi kwanga, wophunzira wa PhD chaka chachitatu, foni ili m'manja, nkhope ili mwee. Asanakhale n'komwe pampando anandipatsira foniyo. "A Dokotala, taonani, alilandira pepala lija." Ndinawerenga imeloyo kawiri. Pepala analitumiza Lachiwiri usiku, ndipo pofika Lachisanu m'mawa journal ija inali italivomereza, popanda funso ngakhale limodzi pa zimene analemba. Chotsala chinali kutumiza madola 150 sabata isanathe. Pamwamba pa kalatayo anawatchula kuti profesa. Ndinafunsa, "Mayi, uprofesawu munaulandira liti ife osamva?" Anaseka, koma kusekako kunathera m'njira ataona kuti ine sindikuseka nawo.

Journal ija inali yachinyengo, yongofuna ndalama. Sindikuwaimba mlandu mayiwo. Amene wafika chaka chachitatu amadziwa mmene mtima umagundira. Mayunivesite ambiri masiku ano salola munthu kukaima pamaso pa oyesa thesis yake asanaonetse pepala. Chiwerengero cha mapepalawo chimasiyana sukulu ndi sukulu, ndiye musadalire zomva m'gulu la WhatsApp. Pitani ku ofesi ya postgraduate mukatenge malamulo olembedwa, muone ngati akuti pepala "losindikizidwa", "lovomerezedwa" kapena "lotumizidwa" chabe, komanso ngati atchula mtundu wa journal. Pakati pa mawu atatuwa pali miyezi yambiri. Kuwonjezera apo sikolashipu ili ndi tsiku lothera, kuntchito anakupatsani tchuthi cha zaka zitatu osati zisanu, ndipo kumudzi anayamba kale kukuitanani kuti adokotala.

Ophunzira amabwera ndi funso lakuti journal yabwino ndi iti. Ine ndimayamba ndawafunsa anga: mwatsala ndi miyezi ingati, mukufuna awerenge ndani, ndipo pakakhala zolipira alipire ndani? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amasankha khomo, ndipo khomolo muyenera kulisankha musanalembe pepala, osati mutamaliza.

Makomo aatali

Mtima wa wophunzira aliyense umathamangira ku Nature, Science, The Lancet, kapena kwa anzathu a zachuma ndi ulimi, World Development ndi Food Policy. Si kuti za ku Lilongwe sizingafike kumtunda kotero. Kafukufuku wa HPTN 052, amene anaonetsa kuti munthu akayamba ma ARV msanga mwayi wopatsira mnzake HIV umatsika ndi 96 peresenti, mbali ina anachitira konkuno ku UNC Project pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ndipo anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2011. Koma imeneyo inali ntchito ya gulu lalikulu la akatswiri m'maiko asanu ndi anayi, osati ya wophunzira mmodzi ndi laputopu yake.

Nature imakana mapepala opitirira 90 mwa 100 alionse. Ambiri sapita n'komwe kwa owunika, akatswiri amene mkonzi amawapempha kuti aone ngati pepala lili bwino: mkonzi amawerenga mutu, abstract ndi kalata yoperekeza, n'kubweza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Amati desk rejection. Imawawa koma ndi yotchipa, mwangotaya masiku khumi. Choopsa ndi pepala kulowa kwa owunika, kugonako miyezi isanu, n'kubwerako ndi ayi. Zikachitika kawiri, chaka chapita.

Ma journal amenewa safuna kafukufuku wolondola chabe, amafuna wosintha maganizo a anthu a m'gawo lonselo. Mwina mwafunsa bwinobwino alimi 300 a ku Mitundu ndi ku Nathenje, masamu onse ali m'malo mwake, koma mkonzi adzafunsa kuti wowerenga wa ku Vietnam kapena ku Peru atolapo chiyani. Ngati yankho mulibe m'ziganizo ziwiri, musagogode pamenepo. Ngati lilipo, asupavaiza anu anasindikizako kale kumeneko, ndipo mwatsala ndi zaka ziwiri, yesani kamodzi. Kamodzi basi.

Kumene ine ndimatumiza ophunzira anga

Pansi pa zimphona zija pali ma journal ambirimbiri a gawo limodzilimodzi: a za nthaka okha, a za nsomba okha, a za uzamba, a za zinenero za mu Africa, a za mbiri ya chigawo chino ngati Journal of Southern African Studies. Ambiri amayendetsedwa ndi mabungwe a akatswiri a gawolo, ndipo ali mu Scopus kapena Web of Science, mindandanda iwiri imene makomiti okweza anthu pantchito amayang'ana. Kwa ine pepala loyamba kwawo ndi kuno. Owunika ake amadziwa nkhani yanu mpaka kumizu, ndipo ndemanga zawo zimakonza thesis yonse, osati pepala lokhalo. Oyesa thesis akaona kuti chaputala chachinayi chinadutsa kale m'manja mwa anthu otere, mafunso awo amafewa.

Kuipeza journal yanu n'kosavuta monga mmene anthu amaganizira. Tsegulani ma reference a chaputala chimene mukufuna kuchisandutsa pepala, muwerenge kuti journal iliyonse yatuluka kangati. Atatu amene abwerezedwa kwambiri ndiwo bwalo limene nkhani yanu ikukambidwa kale. Kenako tsitsani mapepala khumi aposachedwa a journal iliyonse. Patsamba loyamba ambiri amalemba tsiku limene pepala linalandiridwa ndi tsiku limene linavomerezedwa. Lembani masikuwo papepala, muwerengere nokha. Mupeza kuti kwina ndi miyezi inayi, kwina khumi ndi inayi, ndipo zimenezi ndi zoona kuposa malonjezo a pa webusaiti yawo. Onaninso ngati m'mapepala khumiwo muli lina lochokera ku Malawi, Zambia, Tanzania kapena Uganda. Mukapeza kuti mulibiretu, si kuti khomo ndi lotseka, koma dziwani kuti mudzafunika kufotokoza zambiri.

Vuto la njira imeneyi ndi nthawi. Owunika salipidwa, amawerenga pepala lanu usiku atamaliza ntchito zawo, ndipo mkonzi amatha kupempha anthu khumi asanapeze awiri ovomera. Werengerani miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka kuchokera tsiku lotumiza kufika pa kalata yomaliza. Ndipo m'miyezi yonseyo pepala likhale khomo limodzi. Kutumiza pepala lomwelo ku ma journal awiri nthawi imodzi ndi mlandu, ndipo m'gawo laling'ono wowunika mmodzi amatha kulilandira kuchokera mbali zonse ziwiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Za ndalama, poti ndi pamene ambiri amasocherera

Ophunzira ambiri amakhulupirira kuti kusindikiza kulikonse n'kolipira. Ayi. Ma journal ambiri akale amapeza ndalama kwa owerenga, kudzera m'malaibulale amene amalipira chaka ndi chaka, ndipo wolemba salipira kanthu. Ambiri mwa iwo masiku ano amapereka njira ziwiri: mukafuna kuti pepala aliyense aliwerenge ulere mulipire, mukapanda kufuna lituluka lotsekedwa koma inu osatulutsa ngakhale tambala. Pa fomu yotumizira pamakhala pochonga. Ndaonapo wophunzira akuthawa journal yomuyenera chifukwa choona mtengo wa madola 3,000, osadziwa kuti akanangochonga bokosi linalo.

Ma journal otseguka kotheratu ndiwo amalipiritsa wolemba, ndalama imene amati APC. PLOS ONE ndi Scientific Reports mtengo wake umapitirira madola 2,000. Nature itayamba njira yotsegula mu 2021 inaika mtengo wa ma euro 9,500. Muwerengere nokha m'makwacha, mukumbukire kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso kuti ngakhale ndalamayo mutakhala nayo, kuipezera forex ku banki ndi nkhani ina.

Koma pali chimene ambiri sadziwa. Dziko la Malawi lili m'gulu A la Research4Life, mgwirizano wa mabungwe a United Nations ndi makampani osindikiza umene unayamba ndi Hinari ya WHO mu 2002, n'kutsatira AGORA ya FAO mu 2003. Gulu A limawerenga ma journal ambiri ulere kudzera ku laibulale ya sukulu, ndipo makampani ambiri akuluakulu amachotsa APC yonse kwa olemba a m'maiko a gululi, makamaka m'ma journal otseguka kotheratu. Pali misampha iwiri. Woyamba, pempho lochotsa mtengo limaperekedwa potumiza pepala, osati litavomerezedwa. Mukadikira, ena amakana. Wachiwiri, amayang'ana kumene kuli corresponding author, wolemba amene amalandira makalata a mkonzi, ndipo ena amayang'ana olemba onse ndi kumene kunachokera ndalama za kafukufukuyo. Mukaika asupavaiza anu a ku Norway kapena ku Scotland pamalo amenewo chifukwa cha ulemu, mwina mwataya mwayiwo. Werengani lamulo la journal imeneyo musanagawe maudindo.

Munthu wodziwa zonsezi ali pafupi nanu ndipo simumupita: woyang'anira laibulale. Malaibulale athu ali ndi bungwe lawo la MALICO limene limagulira pamodzi mwayi wowerenga ma journal, ndipo anthu ake amadziwa zimene sukulu yanu ili nazo.

Ma journal otakata, ofunsa kulondola kokha

PLOS ONE inayamba mu 2006 ndi ganizo lachilendo panthawiyo: owunika asafunse ngati zotsatira zili zodabwitsa, angofunsa ngati kafukufuku anachitika molondola. Scientific Reports inatsatira mu 2011, ndipo ma journal ambiri a BMC amayenda chimodzimodzi. Kwa wophunzira amene anayesa mtundu wina wa manyowa pa chimanga n'kupeza kuti palibe kusiyana, iyi ndi njira yabwino, chifukwa "palibe kusiyana" ndi zotsatira ndithu, ngakhale ma journal ena amazinyoza. Mwayi wolandiridwa ndi wokulirapo, pepala limapezeka mosavuta pa intaneti, ndipo mlangizi wa zaulimi ku Dowa akhoza kuliwerenga pa foni osalipira.

Zodandaulitsa zilipo. Mapepala amatuluka masauzande ambiri pachaka, ndiye lanu likhoza kumira ngati mwala m'dziwe. Mkonzi amene wapatsidwa pepala lanu nthawi zina sakhala wa gawo lanu lenileni. Ndipo PLOS imafuna kuti data yanu ikhale poti ena angaione, kupatula pakakhala chifukwa chomveka. Ngati fomu imene anasaina anthu ofunsidwa inalonjeza kuti mayankho awo sadzaonedwa ndi wina aliyense kunja kwa gulu lanu, konzani nkhani imeneyi ndi komiti yoona za chilolezo musanatumize.

Chenjerani ndi maimelo okuitanirani ku special issue, kope lapadera la journal la mutu umodzi, makamaka ochokera kwa munthu amene simunamvepo dzina lake. Ena ndi enieni. Koma kampani ya Wiley, itagula Hindawi mu 2021, inachotsa mapepala opitirira 8,000 m'chaka cha 2023 chokha, ambiri a m'ma special issue amene anthu achinyengo analowerera, ndipo ma journal angapo anachotsedwa mu Web of Science. Amene anasindikiza moona mtima m'ma journal amenewo anapsa nawo limodzi.

Za pakhomo pano ndi za mu Africa

Apa ndikhalitsapo, chifukwa pali kunyozana kumene sindigwirizana nako. Ophunzira ena amaona ngati kusindikiza kwathu kuno n'kulephera. Malawi Medical Journal, imene imatuluka kanayi pachaka, ili mu PubMed, mndandanda waukulu wa mapepala a zaumoyo, ndipo aliyense amaiwerenga ulere. Dokotala wa ku Boston akafufuza za malungo a ana, pepala lanu la m'menemo limatuluka pamndandanda womwewo ndi a kwawo. Kwa a ku KUHeS amene nkhani yawo ndi ya chipatala cha boma limodzi kapena awiri, nthawi zambiri ili ndiye khomo loyenera, chifukwa owerenga ake ndi amene angasinthe kachitidwe m'mawodi athu. A mbiri ndi chikhalidwe ali ndi Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ili Nyasaland Journal ndipo imapezeka pa JSTOR, komanso Journal of Humanities ya ku Zomba. Kunja kwa malire kuli African Crop Science Journal ya ku Uganda, Pan African Medical Journal, African Journal of Agricultural and Resource Economics, ndi ena opitirira 500 amene ali pa AJOL, malo a pa intaneti osonkhanitsa ma journal a mu Africa kuyambira 1998.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti simuyamba ndi kufotokoza kuti ganyu n'chiyani, dimba n'chiyani, kapena chifukwa chake mwezi wa Febuluwale ndi wovuta pakhomo la mlimi. Mkonzi amadziwa kale. Ndipo ngati cholinga chanu ndi chakuti akuluakulu a ku Capital Hill amve, pepala lotseguka la pafupi limawafika msanga kuposa lotsekedwa la ku Amsterdam.

Koma ndinene zoona. Ma journal ena a kuno amayendetsedwa ndi aphunzitsi awiri kapena atatu ongodzipereka, amene alinso ndi makalasi a ophunzira mazana. Amatha kukhala chaka osatuluka. Musanatumize, onani tsiku la kope lomaliza. Ngati papita zaka ziwiri, pitirirani. Onani ngati mapepala ake ali ndi DOI, nambala yokhazikika imene imathandiza kuti pepala lisasowe pa intaneti. AJOL imaika nyenyezi pa ma journal ake posonyeza mmene amatsatira ndondomeko zosindikizira, ndiye yang'anani nyenyezizo. Funsaninso ngati sukulu yanu imaiwerengera journal imeneyo, chifukwa malamulo ena amatchula Scopus mwachindunji. China ndi chakuti dziko lathu ndi laling'ono. Ngakhale dzina lanu atalibisa, wowunika akangoona mudzi ndi mbewu adziwa kuti uyu ndi wophunzira wa uje. Nthawi zambiri palibe vuto. Nthawi zina mumalowa m'mkangano wa akuluakulu umene unayamba inu muli ku sekondale.

Khomo lija la mayi aja

Ili si khomo loti tiliyerekeze ndi enawo, koma ndi limene limagogoda lokha pa imelo yanu m'mawa uliwonse. Jeffrey Beall, amene anali wa ku laibulale pa University of Colorado Denver, ndiye anatchukitsa dzina lakuti predatory pa ma journal otere, olandira pepala mosaliwunika bola wolemba alipire, ndipo anasunga mndandanda wawo mpaka unatsekedwa mu Januwale 2017. Mu 2013 John Bohannon, wolemba nkhani m'magazini ya Science, anapeka pepala lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu n'kulitumiza ku ma journal 304. Okwana 157 analivomereza. Chimene chimandiwawa pa nkhaniyo n'chakuti maina a olemba ndi a masukulu amene anapeka anali omveka ngati a mu Africa, ndipo ambiri sanadabwe. Mu 2019 khoti la ku America linalamula kampani ya OMICS ya ku India kulipira madola opitirira 50 miliyoni chifukwa chonamiza olemba.

Webusaiti za ma journal achinyengowa zimakongola, mayina awo amayamba ndi International kapena Global, chikomekome cha mkuyu. Nambala ya ISSN, yozindikirira magazini kapena journal, si umboni wa kanthu, ngakhale magazini ya mpira imakhala nayo. Kupezeka pa Google Scholar si umboninso. Impact factor yeniyeni, nambala yosonyeza mmene mapepala a journal amatchulidwira ndi ofufuza ena, imachokera ku kampani ya Clarivate kokha. Zina zonse za mayina ofananako ndi zogula. Akanena kuti ali mu Scopus kapena mu DOAJ, mndandanda wa ma journal otseguka odalirika, musakhulupirire chizindikiro cha patsamba lawo, pitani pa webusaiti ya Scopus kapena DOAJ mukalembe dzinalo nokha. Tengani maina awiri a akonzi awo, muone ngati masukulu amene atchulidwawo amawadziwa. Palinso akuba amene amatenga dzina la journal yeniyeni n'kutsegula webusaiti yabodza yofanana nayo, ndiye adiresi ya journal muziitenga kuchokera pa mndandanda wodalirika, osati pa imelo.

Choopsa si madola 150 aja. Pepala likangotuluka kumeneko lapsa: journal yeniyeni silingalilandirenso chifukwa linasindikizidwa kale, ndipo oyesa thesis akhoza kukana kuliwerengera. Zaka ziwiri za kumunda zathera m'dzenje. Mwayi wa mayi aja unali wakuti anali asanalipire ndiponso asanasaine fomu yopereka umwini. Tinalemba limodzi kalata ya mizere inayi yochotsa pepala, n'kusunga kope lake. Anayankha potsitsa mtengo kufika pa madola 80, kenako 50. Sitinayankhenso za mtengo, tinangobwereza kalata yomweyo mpaka anavomera.

Zothandiza koma zosalowa m'malo

Preprint ndi kuika pepala poyera lisanawunikidwe, pa malo ngati medRxiv, SSRN kapena AfricArXiv. Ndi ulere, limatuluka m'masiku ochepa, ndipo likhoza kulembedwa pa CV pamene mukudikira. Ma journal ambiri amalola, koma onani lamulo la yanu. Misonkhano, monga ya RUFORUM, bungwe la mayunivesite a mu Africa ophunzitsa zaulimi, imene ophunzira a ku Bunda amaidziwa bwino, ndi malo abwino oyesera mfundo zanu pamaso pa anthu osakunyengererani. Mabungwe ngati MwAPATA ndi IFPRI muno mu Lilongwe amatulutsa ma working paper amene amafika msanga kwa opanga mfundo za boma. Zonsezi n'zabwino, koma ofesi ya postgraduate ikati pepala la mu journal, palibe chimodzi mwa izi chimene chingalowe m'malo.

Nanga litsogole pepala liti?

Ambiri amadikira kuti data yonse ithe. Si nthawi zonse pofunika kutero. Chaputala chowunika zimene ena analemba chikhoza kusanduka systematic review ngati munachichita mwadongosolo kuyambira pachiyambi, motsatira PRISMA, malangizo a kalembedwe ka mapepala otere. Koma musadzinamize kuti ndi njira yachidule, chifukwa kusefa mapepala 2,000 anthu awiri kumadya miyezi. A zaumoyo akhoza kusindikiza ndondomeko ya kafukufuku wawo asanayambe, ma journal ngati BMJ Open amalandira. A zachuma ndi chiwerengero cha anthu ali ndi chuma chimene chimangokhala: data ya Integrated Household Survey ya NSO ndi ya Malawi Demographic and Health Survey imapezeka kwa ofufuza akapempha, ndipo funso limodzi lakuthwa pa data imeneyo likhoza kubala pepala chaka choyamba. Chimene sindilimbikitsa ndi kupanikiza thesis yonse m'pepala limodzi. Pepala ndi funso limodzi, yankho limodzi.

Njira iliyonse imene mungasankhe, ngati munafunsa anthu kapena kugwira odwala, journal yeniyeni idzafuna nambala ya chilolezo, kaya ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, COMREC, NCRSH ya pansi pa NCST, kapena komiti ya sukulu yanu. Chilolezo sachitenga ntchito itatha.

Nkhani ya maina nayo ikambidwe pepala lisanalembedwe. Pepala lochokera mu thesis yanu, dzina loyamba ndi lanu. Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala, amene ma journal ambiri amatsatira, amati wolemba ndi amene anathandiza kwenikweni pa ganizo, data kapena kusanthula, analemba nawo kapena kukonza mozama, anavomereza pepala lomaliza, ndipo ali wokonzeka kuyankha pa zolembedwazo. Kukubwerekani galimoto yopitira kumunda si ulembi, malo ake ndi pa zothokoza. Ndikudziwa kuti kwathu kuno n'kovuta kuuza wamkulu zimenezi. Njira yofewa ndi kulemba imelo koyambirira: "Bwana, ndimati ndimve maganizo anu pa mndandanda wa olemba ndi gawo la aliyense ndisanayambe." Zikalembedwa poyamba, pamapeto sipakhala zokokana.

Tikaika zonsezi pa kalendala, ine ndimalangiza chonchi. Mwatsala ndi zaka ziwiri, yambani ndi journal yapamwamba mwa zitatu zija za m'ma reference anu, mutalemba kale dzina la yachiwiri ndi yachitatu kuti ikakana musalire sabata yathunthu. Mwatsala ndi chaka, pitani ku yapakati kapena ku zotakata zija, mutapempha kuchotseredwa APC. Mwatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, musathamangire aliyense wolonjeza sabata ziwiri. Sankhani journal imene mwaiwerengera nokha masiku, ikani preprint, ndipo kambiranani ndi asupavaiza za kupempha nthawi yowonjezera. Kuchedwa semesita imodzi kumapweteka, koma kumapola.

Yankho likabwera

Langa loyamba linandipeza ku Area 25, magetsi atazima, laputopu yatsala ndi 18 peresenti. Ndinaona mawu akuti major revisions, kutanthauza kuti ndikonze zambiri, pansi pake masamba asanu a ndemanga, wowunika wachiwiri yekha mfundo 41. Ndinatseka laputopu n'kukagona osadya. M'mawa ndinapita kwa asupavaiza anga kukawauza kuti andikana. Anawerenga mwakachetechete, magalasi ali pamphuno, kenako anati, "Achimwene, munthu amene sakukufunani sakulemberani masamba asanu. Apa akupatsani mpando."

Anandionetsa kachitidwe kake. Tebulo la magawo atatu: mawu a wowunika monga analembera, yankho langa, tsamba ndi mzere pamene ndasintha. Mfundo iliyonse iyankhidwe, ngakhale yonena za comma yosowa. Pamene sindikugwirizana nawo ndinene mwaulemu, ndi umboni. Mfundo ya nambala 17 sindidzaiiwala. Wowunikayo anati data yanga iyenera kuti ili ndi cholakwika, chifukwa inkaonetsa mabanja omwewo akugulitsa chimanga motchipa mu Meyi n'kukagulanso modula mu Januwale, ndipo kwa iye panalibe munthu wanzeru amene angachite zimenezo. Ndinapsa mtima masiku awiri. Kenako ndinakhala pansi n'kulemba ndime yofotokoza za ngongole ya feteleza imene imadikira kukolola, fizi ya teremu yachitatu, anankafumbwe m'nkhokwe, ndi ganyu wa m'miyezi ya njala. Ndime imeneyo, imene ndinkaiona ngati yodziwika kwa mwana aliyense wa ku Kasiya, ndi imene anthu amaitchula kwambiri akamagwiritsa ntchito pepalalo mpaka lero. Linabwereranso kachiwiri ndi mfundo zisanu ndi imodzi, n'kuvomerezedwa patatha miyezi khumi ndi umodzi chitumizireni.

Mayi aja tinawerenga nawo ma reference awo tsiku lomwelo, ndipo journal ina ya za mbewu za mtundu wa nyemba inatuluka kasanu ndi kawiri. Anadula pepala kuchoka pa mawu 11,000 kufika pa 7,000 monga mwa malamulo ake, anatsegula ORCID, nambala yozindikirira wofufuza, n'kutumiza pepalalo ku journal imeneyo kalata yochotsa ija itayankhidwa. Dzulo ananditumizira uthenga kuti pa webusaiti pasintha, palembedwa kuti under review, ndipo amayang'anapo katatu patsiku. Ndawauza kuti aziyang'ana Lachisanu lokha, ayambe chaputala chachisanu, ndipo ikakwana miyezi itatu kuli zii tidzalembere mkonzi mizere iwiri yofunsa.